Kugula munda ku Mchinji kudzera ku kampani ya ku Lilongwe: zimene ndinakhutira nazo ndi zimene zinandidandaulitsa

Makampani ogulitsa malo achuluka kwambiri mu Lilongwe zaka zino, ndipo ena amene anayamba ndi mapuloti omangapo nyumba cha ku Njewa ndi ku Chitedze tsopano akugulitsanso minda ya maekala angapo m'maboma oyandikana nafe. Ine ndinagula munda wa maekala 10 m'boma la Mchinji kudzera ku imodzi mwa makampani amenewa, ndipo popeza anzanga akhala akundifunsa ngati njira imeneyi ndi yodalirika kuposa kudzera kwa dobadoba kapena kupita wekha kwa mfumu, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zonse pamalo amodzi. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene ndi madandaulo, komanso chifukwa kagwiridwe kake ka ntchito sikasiyana kwenikweni ndi ka makampani ena amene ndinawayendera ndisanasankhe. Maganizo anga ndi akuti anthu amenewa amadziwa kupeza malo ndi kukambirana ndi eni ake mwaulemu, koma safunsa wogula chimene akufunira mundawo, ndipo mavuto ambiri amene ndinawaona mwa ogula anzanga anachokera pamenepo.

Malonda awo amayambira pa Facebook, pomwe amaika zithunzi za minda yobiriwira zojambulidwa mu Januwale kapena mu Febuluwale, nyengo imene ngakhale nthaka yoguga imaoneka ya chonde. Munthu akawalembera pa WhatsApp amayankha msanga ndiponso mwaulemu, kenako amamuitanira ku ofesi kukaona mapu ndi kulembetsa ulendo wa Loweruka wokaona malowo. Ulendowu salipiritsa, ndipo m'pofunika kuwayamikira pa zimenezi, chifukwa dobadoba amayamba wakuuza kuti umuthirire mafuta ndi kumugulira chakudya asanakuonetse ngakhale chulu chimodzi. Galimoto yawo inatitenga m'mawa, tinadutsa Msundwe ndi Namitete, tinakhota pa Kamwendo kulowera msewu wopita ku Kapiri, kenako tinasiya tala n'kuyenda mtunda ndithu mumsewu wafumbi.

M'galimotomo ndi mmene ndinamvetsera kuti anthu ofuna munda safuna chinthu chimodzi. Munali bambo wina, mphunzitsi wa kupulaimale amene anatsala pang'ono kupuma ntchito, ndipo iwo ankafuna malo oti akamangepo nyumba, azilima chimanga chokwanira banja ndi kuweta mbuzi, kuti ndalama ya penshoni isamathere kugula chimanga cha pa ndowa m'miyezi ya njala. Munalinso mayi wina amene anatumidwa ndi achimwene awo okhala ku Johannesburg; iwo ankajambula chilichonse pa foni n'kumatumiza nthawi yomweyo, ndipo zinali zoonekeratu kuti mwini ndalamayo ankafuna kukhala ndi pofikira kwawo tsiku limene zinthu zidzavute kunjako. Anyamata awiri anali atawerengera kale matumba a soya ndi mtedza amene adzakolole ndi mtengo umene adzagulitsire, ndipo nkhani yawo njira yonse inali ya msika basi. Bambo wina wabizinezi sanabise kuti khasu sadzaligwira. Iwo anatikumbutsa kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama kubanki anadzuka m'mawa ndalama zawo zikugula zochepa, pamene amene anali ndi malo anangokweza mtengo.

Ine chimene chinandikoka ndi china, ndipo ndikukhulupirira kuti amuna ambiri a m'chigawo chapakati ndi chakumwera achimvetsa. Kwathu timatsata mwambo wa chikamwini, munda ndi wa mbumba, ndipo umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Mwamuna amalima kwa mkazi wake, ndipo ukwati ukatha kapena mkaziyo akamwalira, nthawi zambiri amanyamuka wopanda ngakhale mzere umodzi wa mundawo. Kumudzi kwa amayi anga ndimalandira ulemu wonse monga malume, koma ana anga alibe gawo kumeneko, ndipo kwawo kwa mayi awo munda unagawidwa kale mpaka kutsala tizidutswa tosakwana kudyetsa banja. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, koma nthaka ndi yomwe ija. Chimene ndinkafuna, choncho, sichinali phindu la msanga ayi, koma munda wokhala ndi chikalata cha m'dzina langa, woti tsiku lina ana anga, aamuna ndi aakazi omwe, adzaulandire popanda wina kuimirira pamaliro n'kunena kuti malowo ndi a kwawo.

Anthu osiyana chonchi amafunika minda yosiyana, ndipo apa m'pamene kampaniyo inandikhumudwitsa koyamba. Palibe wantchito wake ngakhale mmodzi, ku ofesi kapena kumunda, amene anafunsa aliyense wa ife cholinga chake. Tonse anatiyamikirira zigawo zomwezo ndi mawu omwewo, akuti nthaka ndi yabwino ndipo mitengo ikwera posachedwa. Aphunzitsi aja anatsala pang'ono kusankha chigawo cha kumapeto, chotsika mtengo, chimene chili kutali ndi mjigo, kutali ndi chigayo ndiponso kutali kwambiri ndi chipatala, pamene munthu wokalamba amafunika zinthu zitatu zimenezi kuposa ekala yowonjezera. Anyamata a soya aja sanauzidwe kuti kamtsinje kamene tinawoloka mosavuta tsiku limenelo kamatseka njira mvula ikalimba, ndipo lole yonyamula feteleza kapena zokolola singadutsepo; zimenezi tinazimva kwa mayi wina wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Mayi otumidwa aja ndi bambo wabizinezi aja sanachenjezedwe kuti munda wosalimidwa sukhala wokha nthawi yaitali pakati pa midzi yosowa polima, komanso kuti liizi ya ulimi, chikalata chobwerekera malo ku boma kwa zaka zowerengeka, imabwera ndi lamulo lakuti malowo azigwiritsidwa ntchito, apo ayi boma lili ndi mphamvu yowatenganso. Funso limodzi lokha lofunsidwa pa ofesi likanathandiza aliyense wa anthuwa kusankha bwino, ndipo kampaniyo ikanagulitsabe malo ake.

Kumunda kwenikweniko ndinapezako munthu amene anandibwezera mtima m'malo. Anali mnyamata wa kampani yomweyo amene anaphunzira zaulimi, ndipo nditamupempha kuti tiyende wapansi kusiya gulu, anabwereka khasu kwa mlonda n'kunditsogolera. Anakumba malo angapo mpaka kufika m'chigongono, akutenga dothi m'manja, kulinyowetsa ndi madzi a m'botolo ndi kulikanya kuti ndione ngati likugwirana. Kumtunda kunali katondo wofiira wogwirana bwino, koma chapakati dothi linali lamchenga, lotuwa, ndipo pakati pa mapesi a chimanga cha chaka chimenecho panali timaluwa tofiira ta kaufiti tambirimbiri. Iye sanazembe, anandiuza kuti kaufiti wochuluka chotero ndi chizindikiro chakuti nthaka yatopa, ndipo pamenepo padzafunika manyowa ambiri ndi kasinthasintha wa mbewu za mtundu wa nyemba chimanga chisanachite bwino. Anandionetsanso zitsa za mitengo yachilengedwe imene inatha kalekale pomangira zigafa za fodya, kenako tinatsikira kumunsi komwe dothi limada ndi kunyowa polowera kudambo, n'kundilangiza kuti chigawo changa chikhudzeko pang'ono kumeneko kuti ndidzathe kukumba chitsime ndi kukhala ndi dimba. Ndinatsatira malangizo akewo, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndi chinthu chamtengo wapatali kwambiri chimene ndinalandira kwa kampaniyo, ngakhale sichinalembedwe pa mndandanda wa ntchito zawo. Kuyeza nthaka kumalo a kafukufuku iwo sachita. Dothi ndinanyamula ndekha m'timapepala kupita nalo ku Chitedze, ndipo wogula aliyense wofuna kulimadi angachite bwino kutero asanalipire.

Malo amene tinkagulawo anali esiteti yakale ya fodya, ndipo mbiri ya maesiteti oterewa wogula ayenera kuidziwa, chifukwa ndi imene imasonyeza pomwe vuto lingabisale. Mpaka cha m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono olima pa malo a makolo sankaloledwa kulima fodya wa bale, choncho aliyense wofuna kulowa mu ulimi wopindulitsawo ankayenera kutenga liizi kuti malo ake akhale esiteti. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti anabadwa ambirimbiri ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi kwina, ambiri mwa iwo pa nthaka imene inali ya midzi. Maliizi a ulimi nthawi zambiri ankaperekedwa a zaka 21, ndipo mwini wake amayenera kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka ndi kupempha kuti liiziyo iwonjezedwe ikatha. Fodya atayamba kuvuta ndipo eni ake oyamba atakalamba kapena kumwalira, maesiteti ambiri anasiyidwa, maliizi anatha osawonjezedwa, msonkho unaunjikana, ndipo anthu a m'midzi yozungulira anayamba kulimamo.

Choncho pamene kampani ilemba pa malonda ake kuti mapepala alipo, mawuwo sakwanira. Ndinalemba loya wangawanga, osati amene kampaniyo inandilozera, kuti akafufuze ku ofesi ya za malo ku Lilongwe. Anapeza kuti liiziyo inalidi yoona ndipo inawonjezedwapo kamodzi, koma zaka zotsala zinali zochepa, panali ngongole ya msonkho wa malo, ndipo dzina lolembedwa linali la munthu amene anamwalira. Tikawafunsa a kampani za chilichonse mwa izi ankavomera mosavuta ndi kutulutsa makalata ake, ndipo sindinawapeze ndi bodza ngakhale limodzi, koma palibe chimene ananena mwa okha asanafunsidwe. Wogula wosadziwa chofunsa akanabwerera kwawo akuganiza kuti wagula malo a muyaya, pamene wagula zaka zowerengeka za liizi ya munthu wina. Loya uja anandifotokozeranso kuti kudula esiteti m'zigawo kumafuna chilolezo cha boma, kusamutsa liizi kupita kwa munthu wina kumafunanso chilolezo, ndipo pali misonkho yolipira ku bungwe lotolera misonkho la MRA chikalata chisanatuluke. Ndalama za zonsezi sizinali m'mtengo umene unalengezedwa, ndipo ndinaziona koyamba m'pangano, pa tsamba lomaliza.

Ntchito imene anaigwira bwino koposa, ndipo imene ndikukayika ngati ndikanaitha ndekha, inali yosonkhanitsa abale a malemuyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo ana a malemuyo anali ndi kalata ya khoti yowapatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Pa lamulo zikanathera pomwepo. Koma esitetiyo inadulidwa pa nthaka ya mbumba ya malemuyo, ndipo alongo ake ndi adzukulu ake ankaionabe ngati yawo. Mkulu wa kampaniyo anakana kulandira ndalama zathu mpaka mbali zonse ziwiri zitakhala pansi pamaso pa a gulupu ndi nyakwawa za midzi yoyandikana nayo, ndipo ife ogula tinaitanidwa kuti tikamve ndi makutu athu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kubwalo la a gulupu, amuna pa mabenchi, amayi pa mphasa. Nkhani inayenda bwino mpaka gogo wina wamkazi, mlongo wa malemuyo, anawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo mfumu, ife sitikukaniza ana kugulitsa, koma kodi manda a makolo athu aja nawonso agulitsidwa? Nanga njira yathu yopita kudambo tizidutsa kuti?" Ana a malemuyo, amene anakulira m'tauni, anafuna kuyankha mwaukali, koma mkulu wa kampaniyo anawakhazika mtima pansi, anapempha kuti tonse tinyamuke tikaone malo amene gogoyo ankanena, ndipo tsiku lomwelo anavomera kuchotsa pa malonda nkhalango ya manda ndi malo ozungulira, komanso kusiya njira yotakata yoti ngolo izidutsa. Kampaniyo inataya maekala ndithu pamenepo. Zonse zinalembedwa, a gulupu anadinda chidindo, ndipo aliyense anasaina kapena kudinda chala, kuphatikizapo gogo uja. Chikalata cha boma n'chofunika, koma mnansi amene anakuona ukulandiridwa pabwalo ndi amene amakuuza ng'ombe zikalowa m'munda mwako.

Kampani yomweyo imagulitsanso minda ya m'midzi, yopanda liizi, pa mtengo wotsika, ndipo pa imeneyo sindingalimbikitse aliyense. Mfumu ndi msungi wa nthaka ya anthu ake, si mwini wake woti angaigulitse, ndipo kalata yokhala ndi chidindo cha mfumu si chikalata cha umwini. Malamulo a malo a 2016 anakhazikitsa makomiti a malo a makolo pa gulupu aliyense, otsogoleredwa ndi a gulupu ndipo okhala ndi amayi osachepera atatu mwa mamembala 6 osankhidwa, kuti anthu azilembetsa minda yawo, koma ntchito yolembetsayo inayambira m'madera ochepa ndipo sinafike ponseponse. Malamulowo anasinthidwanso mu 2022, ndipo chimodzi mwa zosinthazo n'chakuti munthu amene si nzika ya Malawi sangagulitsidwe malo, nkhani imene abale athu okhala kunja amene anasintha unzika ayenera kuifunsa kwa loya asanatumize ndalama. Nditafunsa wantchito wina wa pa ofesi za zimenezi, anandiyankha kuti anthu ambiri amagula choncho ndipo sipakhala vuto. Yankho lotero siliyenera kuchokera kwa munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa malo.

Pa kuyeza malo ndinakhutira. Kumudzi ekala amaiyeza ndi mapazi, 70 mbali iyi ndi 70 mbali inayo, ndipo kukula kwake kumadalira kutalika kwa miyendo ya woyezayo. Kampaniyo inabweretsa saveya wovomerezeka ndi makina ake, ndipo ine, amene ndagundana nawo malire ndi nthumwi ya a nyakwawa tinayenda naye ngodya zonse, tikuona mabikoni a simenti akukwiriridwa. Pa mapu anga analemba kukula kwa malowo m'mahekitala, ndipo popeza hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47, nditawerengera ndinapeza kuti palibe chimene chinadyedwa. Chokhacho n'chakuti njira za pakati pa zigawo anazisiya zopapatiza, ndipo thirakitala ikamakhota imaponda munda wa mnzako.

Kalipiridwe kake ndi kamene kamakopa anthu ambiri olandira malipiro a pamwezi, chifukwa umapereka dipoziti, yotsalayo n'kumalipira pang'onopang'ono, chinthu chimene mwini munda wa kumudzi, amene akufuna ndalama yake lero, sangavomere. Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba, m'panganomo munali mawu akuti kampani ingathe kukweza ndalama yotsala ngati kwacha itatsika mphamvu, popanda kunena kuti idzakweza motani. Loya wanga anaumirira kuti mawuwo achotsedwe, ndipo anachotsedwa, koma ogula anzanga amene anasaina tsiku lomwe anaona malo anatsala nawo. Chachiwiri, antchito ena amakonda kunena kuti mungotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba ku nambala yawo kuti zifulumire. Ine ndinakana, ndinkalipira ku akaunti ya kubanki ya kampani ndi kutenga lisiti ya chidindo nthawi iliyonse. Sindikunena kuti antchitowo ndi akuba, koma wantchito akhoza kusiya ntchito mawa, ndipo uthenga wa pa foni suthandiza kwenikweni pamaso pa woweruza.

Ndalama zambiri zitalowa, khalidwe lawo linasintha, ndipo ili ndi dandaulo langa lalikulu. Anthu amene ankayankha uthenga ngakhale usiku anayamba kukhala chete sabata yathunthu. Ndikapita ku ofesi ankandilandira bwino, kundipatsa mpando ndi madzi, koma amene akudziwa za fayilo yanga nthawi zonse amakhala kuti watuluka. Anandilonjeza kuti chikalata chituluka m'miyezi yochepa, ndipo miyeziyo itadutsa ankaloza chala kwina, mpaka loya wanga atafufuza anapeza kuti pempho lodula malowo m'zigawo linaperekedwa mochedwa kwambiri, chifukwa kampaniyo inkadikira kuti zigawo zonse zigulidwe kaye kuti ikapereke pamodzi. Zimenezi zikhoza kukhala zomveka pa bizinezi, koma anayenera kutiuza poyamba. Kwa munthu ngati ine, amene cholinga chake chonse chinali chikalatacho, kuchedwa kumeneku kumapweteka kuposa mmene kungapwetekere mlimi wa soya amene wayamba kale kukolola.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, ngakhale si yokhudza ubwino wa malonda okha. Pa chigawo chimene ndinagula panali mabanja awiri amene akhala akulimapo chimanga kwa zaka zambiri, ena mwa iwo ana a matenanti akale a pa esitetipo amene alibe mudzi wina wobwererako. Kampaniyo inawapatsa nthawi yoti akolole ndi kandalama kochepa, ndipo pa lamulo mwina inachita zokwanira, koma ine zinandivuta mumtima. Dziko lino linayesapo njira ina pa maesiteti ogona oterewa: pakati pa 2004 ndi 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo, mothandizidwa ndi World Bank, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje komwe minda ya tiyi inatenga nthaka yaikulu, kugula maesiteti ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena, banja lililonse n'kupeza mahekitala pafupifupi awiri. Lero maesiteti oterewa akupita kwa ife a m'tauni amene tili ndi malipiro. Ndinagwirizana ndi mabanja awiriwo, pamaso pa a nyakwawa ndi molemba, kuti apitirize kulima mbali ina ya mundawo chaka ndi chaka pamene ine ndikulima mbali inayo. Nditawauza a kampani anandiletsa, akuti ndikudziitanira milandu. Mwina chenjezo lawo lili ndi nzeru, koma ndikanakonda akanakhala ndi njira yokonzedwa bwino yothandizira wogula ndi anthu oterewa kumvana, m'malo moona anthuwo ngati chopinga chofunika kuchotsa malonda asanachitike. Ogulitsa nawonso anali ndi zifukwa zawo: ana a malemuyo ankafuna fizi ya ana awo kusukulu zaukachenjede ndi ndalama yobwezera ngongole, ndipo mmodzi wa iwo anandiuza kuti akanakhala ndi mpamba wolimira sakanagulitsa.

Kampaniyo ili ndi ntchito inanso yolimira ogula amene amakhala kutali, ndipo ndinaiyesa nyengo yoyamba pa maekala ochepa a soya. Imeneyi sindikuilimbikitsa m'pang'ono pomwe. Anadzala mochedwa, mvula yodzalira itapita kale, chifukwa thirakitala imodzi inkazungulira minda ya makasitomala onse. Mbewu sanaipake mankhwala othandiza soya kupanga chonde m'mizu ngakhale ndinalipira, ndipo mizere inali yotalikirana ngati ya chimanga, moti udzu unapeza mpata. Malipoti awo anali zithunzi za pa WhatsApp zojambulidwa pa ngodya yokongola, ndipo nditapempha mndandanda wa anthu aganyu ndi ndalama zimene analandira, anandipatsa chiwerengero chimodzi chopanda tsatanetsatane. Zokolola zinangobweza ndalama zimene ndinalowetsa. Nyengo yotsatira ndinalemba kapitawo wa m'mudzi womwewo, amene a nyakwawa anandilozera, ndipo ndimapitako ndekha pa nthawi yodzala, yopalira ndi yokolola. Amene ali ku Joni kapena ku UK ndipo akuganiza kuti kampani idzawalimira iwo ali kutali, aganizirenso bwino, kapena apeze m'bale wokhulupirika wokhala pafupi ndi mundawo asanagule n'komwe.

Kwa munthu wofuna kulimadi, amene angathe kufika pamalopo kawirikawiri ndipo ali wokonzeka kulipira loya wake, kampani yotereyi ndi yabwino kuposa dobadoba, makamaka chifukwa ili ndi ofesi yodziwika, imayeza malo moona ndipo imalemekeza bwalo la mfumu. Kwa wopuma ntchito ingathandizenso, bola iye mwini ayende wapansi kuchoka pa chigawocho kukafika pa mjigo ndi kufunsa anthu a m'mudzimo za chipatala ndi msewu wa nthawi ya dzinja, popeza a kampani sadzamuuza. Kwa wongofuna kubisa ndalama ku kugwa kwa kwacha, munda wa liizi ya ulimi umene sadzaulima ndi malo olakwika oikapo chumacho. Ndipo kwa aliyense wofuna chikalata monga ine, chinthu chimodzi n'chofunika kuchikambirana pangano lisanasainidwe: gawo lomaliza la ndalama lisapite kwa kampani, likhale m'manja mwa loya mpaka chikalata cha m'dzina la wogula chitatuluka. A kampani anakana poyamba, akuti sanachitepo zotero ndi kasitomala wina, koma nditaonetsa kuti ndikhoza kubwerera osagula anavomera ndi kulemba m'panganomo. Gawo langa lomalizalo likadali kwa loya, ndipo mwa ogula onse a pa esiteti ija, ndine amene tsopano a kampani amandiimbira okha kundiuza pamene fayilo yafika.